Chitenje cha Amayi pa Sewero la Chijapani

Ndinali ndi zaka khumi pamene kusukulu kwathu ku Lewisham, kudziko la Angerezi, kunabwera nkhalamba ya ku Japan kudzatiphunzitsa kyogen, sewero lanthabwala lamakedzana la kwawo. Ine inandipatsa mbali ya wantchito wochenjera amene amapusitsa bwana wake. Milungu itatu tinalimbana ndi kayendedwe kokha: masokosi oyera, mawondo opinda pang'ono, mapazi akukhwekhwereza pathabwa lochitirapo sewero osanyamuka. Nkhope nayo isasinthe poyendapo, ngakhale denga ligwe. Nsapato pathabwapo zinali zoletsedwa.

Amayi anga ankasamalira okalamba ku Peckham, ndipo pa zochitika za kusukulu sankapezeka. Koma tsiku la sewerolo anasinthana shifiti ndi mnzawo, nafika atavala yunifolomu, chitenje chili m'chikwama.

Seweroli limayamba kuli zii. Nditangotulukira, ndinamva nthungululu ya amayi. Amayi anakwera pathabwa ndi nsapato zawo zakuntchito, nayala chitenje patsogolo panga monga amachitira kwathu polandira munthu wolemekezeka.

"Dutsa apa, mwana wanga!" anatero, nkhope ikuwala.

Ndikanatani? Kuima kunali kulakwa, kunyamula phazi kunalinso kulakwa, ndipo nkhalamba ija inali pakona, maso ali pa ine. Ndinapitiriza kukhwekhwereza. Zala zakumapazi zinakankha chitenjecho, chinakwinyika, chinakwinyikabe, mpaka chinagwera pansi ngati chikolopa. Holo yonse inafa ndi phwete poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Amayi anaima pomwepo, manja ali lende. Kenako anatsika, natola chitenje chawo n'kuchikutumula fumbi. Ine ndinafika pakati n'kuseka chiseko chachikulu chimene tinaphunzitsidwa, kukamwa yasa, misozi ikulengeza m'maso.

M'basi pobwerera ndinafuna kufotokoza, koma Chichewa changa chinali choperewera, ndipo Chingerezi chikanangowonjezera chipongwe.

"Wachita bwino," anatero akuyang'ana pawindo. "Mbuli ndi ineyo, sindinadziwe ma rules ake."

Sanapondenso kusukulu kwanga.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinalibe chochita, ndipo mwana wa zaka khumi uja ndimamumverabe chisoni. Koma nkhalamba ija inabwerera kwawo sabata yomweyo, dzina langa isanalidziwe n'komwe. Lero ndikuona kuti ndinaopa kukhumudwitsa mlendo, n'kuchititsa manyazi mayi wondibereka pamaso pa anthu. Iwo sanapemphe zambiri, anangofuna kuti mwana wawo aponde pansalu yawo.