Amake Lusajo ndi Bolodi Langa

Amake Lusajo, dzina lawo Tumpale Mwasomola, ankathyola tiyi ku Tukuyu kuyambira ali mtsikana mpaka msana unawakana. Ndinawadziwa mu 1973, nditapatsidwa kalasi ya amayi ophunzira kuwerenga kuseri kwa tchalitchi. Anzawo ankabwera poopa tcheyamani wa mudzi. Iwo anali ndi chifukwa chawochawo. Amuna awo anali kumigodi ku Mufulira, ndipo makalata ochokera kumeneko ankawawerengera mkazi wa kalaliki, munthu wosasunga pakamwa. Kalata ikafika m'mawa, pofika masana msika wonse unali utaidziwa. Ankafuna aziwerenga okha, basi.

Ine nthawi imeneyo ndinali wodzimva. Kumishoni anatiphunzitsa kuti munthu wophunzira amalemba tizilembo ting'onoting'ono togundana, ndipo bolodi lathu linali chitseko chakale chopaka utoto wakuda. Choncho ndinkapanikiza zilembo kuti phunziro lonse likwanepo, n'kumaima patali kusirira dzanja langa.

Chilembo chilichonse ndikachilemba pachokha, amake Lusajo ankachitchula msanga kuposa wina aliyense. Koma ndikangoziphatikiza kukhala mawu, ankayang'anitsitsa mpaka maso kulengeza misozi, osatha kuwawerenga. Tsiku lina anandipempha mwaulemu kuti ndizisiyako mpata pakati pa zilembozo, poti zinkakwerana m'maso mwawo.

"Zilembo sizikwerana, mayi," ndinatero pamaso pa onse. "Mwina chavuta ndi mutu. Si tonse tinalengedwa kuti tiziwerenga."

Anzawo anaseka, nanenso ndinaseka. Amake Lusajo anatola dengu lawo n'kutuluka, osabweranso. Ine ndinangolemba m'kaundula kuti alephera.

Patapita zaka zitatu ndinawapeza pa siteji ya basi akuwerengera anzawo chidziwitso cha katemera wa ng'ombe, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Ndinafuna kulambalala koma anali atandiona kale. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kundifotokozera kuti anawaphunzitsa ndi mlamu wawo wolemba maina pa mabasi. Iyeyo ankalemba ndi khala pakhoma la khitchini, n'kumasiya mpata wa zala ziwiri pakati pa zilembo. Mwezi usanathe iwo anayamba kuwerenga. Kenako mlamuyo anachepetsa mpatawo n'kukhala wa chala chimodzi, mpaka maso anazolowera.

"Inu munkazibzala mothithikana, aphunzitsi," anatero akuseka. "Ngakhale nthochi sizibereka mukatero."

Pambuyo pake, kumaphunziro a aphunzitsi ku Mbeya, anatiuza zomwezo m'mawu ovuta: kuti kwa wongoyamba, chilembo chimasokonezedwa ndi zinzake zoyandikana nazo, ubongo n'kulephera kuzindikira liwu. Koma tsiku limenelo pa siteji ndinalibe mawu ovuta obisalamo. Manyazi anandigwira, ndipo pofuna kusintha nkhani ndinafunsa ngati tsopano makalata a bambo amawerenga okha.

Kuseka kuja kunatha. Anati makalata anasiya kubwera. Yomaliza inafika patangopita miyezi iwiri chichokereni m'kalasi mwanga, ndipo anapita nayo kwa mkazi wa kalaliki yemwe uja. Inkanena kuti bambowo akwatira wina kumeneko ndipo sadzabweranso.

"Ndinkafuna ndiyambe ndalira ndekha, aphunzitsi," anatero. "Koma pofika kumunda, anzanga anali atayamba kale kundipepesa."

Basi yanga inafika, inadzaza, inanyamuka. Ine ndinali chiimire pomwepo, kuyang'ana pansi.