Msana wa Lachitatu

Ndinaganiza zopita ku Botswana nditatha miyezi itatu osasanja buloko ngakhale limodzi. Ndine mmisiri womanga nyumba, koma chaka chimenecho kwathu ku Kanyama aliyense anali mmisiri ndipo womangitsa panalibe. Mnzanga amene anatsogola ku Gaborone anandiimbira foni kuti kumeneko ntchito ikusowa anthu. Mkazi wanga Naomi ndinamuuza nkhaniyo akuchapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Yendani," anatero. "Koma muzibe kuti mwana sayembekeza muntu. Azakula chabe."

Mwanayo, Taonga, anali ndi zaka ziwiri, ali khale pansi akutafuna lamba wa chikwama changa. Ndinalonjeza kuti ndikakhala chaka chimodzi. Zinakwana zinayi.

Ku Gaborone ndinkagona chipinda chimodzi ndi amuna atatu, aliyense ndi kampoto kake. Ntchito inalipo, sindinama, ndipo mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama ndisanagule ngakhale sopo. Ndinkadzitama nazo zimenezo. Ndinkati bambo ndi amene amatumiza, zinazo ndi nkhani chabe. Koma Lamulungu masana, anzanga akapita kokamwa, ndinkakhala pabedi n'kumaonera zithunzi zomwezomwezo mpaka foni kuzima. Tikaimbirana pa vidiyo, Taonga ankabwera kudzakanda galasi ndi chala n'kuthawa. Ankanditchula kuti "ba mu foni". Naomi ankaseka, nanenso ndinkaseka, koma ndikadula foni chakudya sichinkalowa.

Kumeneko mvula imagwa ngati yobwereka, ndipo pang'onopang'ono ndinaiwala kwathu. Ndikunena izi kuti mumvetse chifukwa chake ine, munthu wobadwira ku Kanyama, kumene madzi amasefukira dzinja lililonse, ndinabwerera mu Febuluwale nditagulira mwana wanga nsapato zoyera mbee.

Minibasi inanditsitsa pamsewu wa tala, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kunyumba kunali madzi okhaokha, amtundu wa tiyi wamkaka. Ndinafika thalauza lili nyowe mpaka m'ntchafu. Naomi atatsegula bokosi la nsapato anaseka mpaka kugwira khoma.

"Izi azavalila kuti? Pa mutu?"

Taonga, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu. "Mami, ba mu foni babwela," anatero, ngati akunena za munthu wodzawerenga mita ya magetsi. Masiwiti analandira ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu, koma ndikatambasula dzanja ankabwerera m'mbuyo. Masiku anayi anatha mwana wanga osandikhudza. Ulemu wakewo ndi umene unkandipweteka kwambiri, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndachedwa.

Timakhala pa mudadada, mzere wa zipinda za lendi zoyang'ana bwalo limodzi. Lolemba m'mawa ndinaona chinthu chimene Naomi sanandiuzepo pafoni zaka zonsezo. Ana asanu a pamzerewu anaima pakhonde lathu atavala yunifomu, nsapato zili m'mapulasitiki. Naomi anavala majombo, n'kubereka mmodzi, n'kulowa m'madzi. Anakamusiya kutala, n'kubwerera kudzatenga wina, kasanu konse. Lachiwiri anachita zomwezo mayi wa khomo lachitatu. Makolo anagawana masiku: tsiku lililonse la sukulu lili ndi msana wake, kuti enawo apite kumsika ndi kuntchito nthawi yabwino. Panalibe komiti, panalibe pepala, ndipo palibe amene anadumphitsapo tsiku lake.

Lachitatu m'mawa kunagogoda ba Mulenga, mkulu wogulitsa makala wa khomo lakumapeto. Ana awo anakula kalekale, ndipo iwo amayenda mokoka mwendo chifukwa cha bondo. Anaika majombo patsogolo panga.

"Batate bake Taonga, tengani vintu vanu. Ine nenze kusungila chabe."

Ndinayang'ana Naomi. Iye anandifotokozera kuti Taonga atayamba sukulu ya ana aang'ono ndipo masiku akugawidwa, ba Mulenga anakana kuti ine ndisiyidwe. Anati mwana ali ndi bambo ake, ndiye bamboyo apatsidwe tsiku. Mvula zitatu mkuluyu ankalowa m'madzi ndi bondo lakelo m'dzina langa, ndipo Lachitatu lililonse ankauza mwana wanga kuti, "Lelo ni siku ya batate bako, ine nabagwilila chabe."

Ine kuja ndinkadzitama kuti banja langa ndalisenza ndekha, osadziwa kuti kuno munthu wina akundisungira malo ndi msana wake. Ndinachita manyazi, komanso mantha aja amene munthu amachita akaona chinthu chachikulu kuposa iye.

Ndinavala majombo n'kugwada pamaso pa Taonga. Iye anapita kukaima pafupi ndi ba Mulenga n'kugwira malaya awo. Ana enawo ataona zimenezo, nawonso sanasunthe.

Pamenepo kunyada kunandigwira. Ndinati ndiwaonetse kuti njirayi ndinaiyenda iwo asanabadwe. Ndinalowa m'madzi ndekha, chifuwa patsogolo. Sindinkadziwa kuti ndili kunja anthu anakumba ngalande yatsopano pafupi ndi mpopi. Phazi lachisanu ndi chimodzi silinapeze pansi. Ndinamira mpaka m'chiuno, jombo imodzi n'kutsalira m'matope, ndipo bwalo lonse linafa nazo kuseka, mpaka amayi amene ankakazinga zitumbuwa tsidya lina.

Nditatuluka, ndikukhuthula madzi m'jombo, ndinaona kuti Taonga yekha sakuseka. Anali atagwira m'chiuno ndendende ngati mayi ake. Anapumira m'mwamba.

"Aba bazagwesa bana," anauza ba Mulenga. Kenako anatembenukira kwa ine. "Gwadani. Nipapeni, nikulangizeni."

Anakwera kumsana kwanga. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ankanunkhira sopo wochapira. Timanja take tinagwira makutu anga onse awiri. Akakoka lakumanzere, ndikhotere kumanzere. Akakoka onse, ndiime.

"Apa pali mwala, pondani. Manje yendani pafupi na chipupa. Osati uko, kuli chimugodi! Ba Mulenga bamayenda pang'ono pang'ono apa."

Ine ndinkangoona madzi akuda, koma iye ankadziwa mwala uliwonse, buloko lililonse limene munthu wina anaika pansipo, pamene mayi ake amatererekapo, pamene mayi wa khomo lachitatu amayambira nyimbo kuti ana asaope. Njira yonseyo anaiphunzira ali pamisana ya anthu asanu. Ndamanga nyumba zosanja m'dziko la eni, koma sindinaonepo chomangidwa chimene chinandidabwitsa ngati chimenechi. Misozi inatsika ndipo ndinalibe dzanja loipukutira, chifukwa onse awiri anali atagwira miyendo ya mwana wanga.

Titafika kutala ndinagwada kuti atsike. Sanatsike. Anati ndikabwerera ndekha ndikagweranso m'ngalande, choncho tinabwerera limodzi. Ana enawo ndinawanyamula mmodzimmodzi pachifuwa, iye ali kumsana akuyendetsa makutu anga, ndipo ulendo womaliza makutuwo anali atatentha ngati ndawapaka tsabola.

Pamsewu panali mtsikana wa m'kalasi mwake, amene anandiyang'ana matope anga n'kufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Ndinaima chilili, kudikira dzina lija la mufoni. Taonga anali atawerama akuvala nsapato zake zakale zakuda, ndipo anayankha osadzutsa mutu.

"Ni batate banga. Sibaziba njila, koma bazaphunzila. Pa Chitatu ni pao."