Mkono wa Mayi Edileuza

Mayi Edileuza anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pafakitale yathu ku Caruaru. Timakonza nsalu zoyala m'zipatala, zija zopha majeremusi. Timazinyika m'thanki ya madzi a siliva wosaoneka ndi maso, wosakaniza ndi ulimbo wa makoko a nkhanu. Ulimbo ukachuluka, nsalu imauma gwa ngati chikumba. Ukachepa, siliva amatha pochapa koyamba.

Wodziwa muyezo wake anali mayiwo basi. Ankapisa mkono mpaka m'chigongono, n'kutikita zala, n'kunena kuti zatheka kapena ayi. Magolovesi ankawakana, ati zala sizimva. Bwana Genivaldo ankaona zonsezi koma ankayang'ana kudenga, poti katundu sankabwezedwa.

Siliva analowa m'thupi pang'onopang'ono. Zinayamba ndi zikhadabo, kenako mikono, kenako nkhope, mpaka munthu yense anatuwa ngati phulusa lonyowa. Dokotala anati sizidzachoka. Ife m'malo momva chisoni tinkawafunsa m'mawa kuti, "Mayi, kumanda kwacha bwanji?" Ine ndinkaseka kuposa onse, sindingabise. Iwo ankangopukusa mutu, chifukwa ntchitoyo ndi imene inkawadyetsa, ndipo ankadziwa kuti palibe angawachotse pathankipo.

Chaka chatha bwana anabweretsa injiniya wa ku Recife ndi makina oyezera.

"Mayi, muzingopisa mkono monga mwa masiku onse," anatero injiniyayo. "Mukaona kuti zatheka, mundiuze."

Mayiwo anachita zimenezi miyezi itatu, monyada, osadziwa kuti akuphunzitsa wowalowa m'malo. Makina atadziwa muyezo, bwana anawaitana ife tikumva.

"Mayi, musandimve molakwika. Ogula a m'zipatala akubwera kudzaona fakitale. Akakuonani inuyo, agula kapena athawa?"

"Bwana, khungu limeneli ndalitenga m'thanki yanu."

"Anakutumani ndani kupisamo mkono? Magolovesi anali pompo."

Malo awo anapatsa ine. Ntchito yake ndi kudina batani, ndipo sindinakane.

Mayi Edileuza anafunsira ntchito m'malesitilanti, koma ndani angalole manja amenewo pa chakudya? Loweruka lapitali ndinawapeza kumsika akukazinga zikondamoyo za chinangwa. Anthu ankafika, kuwayang'ana, n'kudutsa. Mayiwo anandiona.

"Josenildo, mwanawe! Bwera, ndikupangire cha tchizi."

Ndinayang'ana zala zawo zili mu ufa. Ndinawauza kuti ndadya kale, n'kukagula kwa mayi wa benchi loyandikana ndi lawo. Mayi Edileuza anandiona ndikudya.