Alamu Anga ndi Banga la Pansalu

Alamu anga, amuna awo a akulu anga, anthu amawatcha a Katswiri. Dzinali n'lachipongwe, koma eni ake analilandira ndi manja awiri, mpaka analilemba ndi penti pachitseko cha kachipinda kawo kokonzeramo mawotchi. Anthu atasiya kuvala mawotchi chifukwa cha mafoni, a Katswiri anayamba kukonza chilichonse chokhala ndi waya. Ukawapatsa wailesi yolira pang'ono, ankakubwezera yosalira n'komwe, pamodzi ndi tizitsulo totsala atakukulungira m'kapepala. Pakhomopo ankadya thukuta la akulu anga, telala wa madiresi, ndipo ndi iwowo amene anaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo mpaka kukhala namwino.

Mwanayo atatumiza vidiyo ya tsiku limene ankalandira satifiketi, a Katswiri anati zinthu zaulemu ngati zimenezi sangaonere pafoni ngati anthu wamba. Apanga pulojekita yawoyawo, mwana wawo adzadze khoma. Anakhoma bokosi la matabwa, kutsogolo n'kuika galasi lokulitsa zinthu, pakati sikirini yochotsa pa laputopu yakufa, kumbuyo chibabu chachikulu chija chounikira pabwalo. Ndisaname, chithunzi chinatulukadi pansalu yoyera ya pabedi imene anapachika kukhoma, ndipo nanenso ndinadabwa.

Koma kuwala kwina kunkathawira m'mipata ya matabwa, ndipo a Katswiri zinkawapweteka mumtima ngati akuberedwa. Anamata mpata uliwonse ndi tepi yakuda, pamwamba n'kufunditsapo bulangete. Sipanapite nthawi, pakati pa chithunzi panayamba kuoneka banga lachikasu.

Munthu wina akanayang'ana m'bokosi, koma alamu anga anayang'ana akazi awo. Anati nsaluyo ndi yakuda. Akulu anga anaichapa, anainyika m'mankhwala oyeretsera zovala mpaka zala zinasupuka, koma bangalo linabwerera pomwe paja, litasanduka lofiirira ngati tiyi wotayikira. Anasoka nsalu ina yatsopano, chimodzimodzi. Pamenepo a Katswiri anati ndiye kuti vuto ndi manja amene akuigwira.

Tsiku lina nditapita kukawaona ndinakhudza bokosilo, ndipo ndinachotsa dzanja msanga. Ndinawauza kuti chinthu chawocho chikupsa m'kati, achiboole mpweya uzilowa. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Alamu, inu kutentha kumene mumadziwa ndi kwa mapoto. Izi ndi zasayansi."

Ndinangowasiya, poti safunsa anadya phula. Pondiperekeza, akulu anga anandiuza zakukhosi kwawo. Anati m'banjamo anapirira umphawi, anapirira mawaya pabedi ndi mabatire m'kabati ya mbale, koma kutchedwa mkazi wauve sangathe. Panyumba pokha angameze, koma tsiku limene bamboyo adzanene zimenezi pamaso pa anthu, iwo adzanyamuka. Akulu anga salankhula zinthu kawiri, ndipo ndinachita mantha.

Lamlungu lina masana a Katswiri anaitana abale awo onse kudzaonera mwana. Anatseka mawindo ndi mabulangete, anthu tinapanikizana pabalaza thukuta lili kamukamu. Iwo anavala shati yoyera, n'kuyamba ndi kufotokoza mmene kuwala kumayendera, mpaka ana anayamba kusinza. Vidiyo itayamba, mwana uja anatulukira akumwetulira, koma nkhope inali yobiriwira, ndipo yunifolomu yake yoyera inkaoneka ngati wagwera nayo m'matope. Kafungo ka pulasitiki wopserera kanayamba kumveka. Mlongo wawo wamkulu wa a Katswiri, mayi wosabisa mawu, anafunsa chifukwa chake mwanayo anapita kumwambo waukulu chotere ndi zovala zosachapa.

Mpata wonena zoona unali pomwepo, koma alamu anga anangokonza kolala ya shati yawo.

"Pepani, ndi nsaluyi. Mukudziwa, anthu ena kuchapa kunawakanika kalekale."

Akulu anga anadzuka mwakachetechete, n'kukoka nsaluyo kuichotsa. Bangalo linatsala pakhoma loyera, pomwe paja, kukula kwake komwe kuja. A Katswiri anathamangira kutsogolo kuti akaonetsetse, ndipo atangoima pakati, bangalo linakhala pashati yawo, pachifuwa penipeni. Palibe anaseka, ngakhale ine ndinkafunitsitsa. Kenako m'bokosi munamveka kuthetheka, utsi unatuluka pansi pa bulangete, ndipo chithunzi chinazima. Pamene anthu ankatsokomola n'kutsegula mawindo, akulu anga anali akulongedza chikwama. Madzulo omwewo anafika kwanga.

Anakhala kwanga masabata angapo, osadandaula, osatchula dzina la munthu. Koma ndinkawaona akutembenuka msanga chitseko chikagogodedwa, ndipo zinkandimvetsa chisoni kuti mtima wawo ukudikirabe munthu ngati ameneyo.

Tsiku lina m'mawa a Katswiri anabweradi, atavala jekete, tsitsi atapesa. Akulu anga atamva mawu awo anathamangira kuchipinda, anasintha diresi, n'kuvala ndolo. Ine ndinawapatsa mpando alamuwo. Anakhala, anatsokomola, n'kunena kuti masiku onsewa sakugona, akhala akuganiza, ndipo monga mwamuna ayenera kuvomereza kuti analakwitsa. Akulu anga anali ataima pakhomo la chipinda, manja atagwira felemu.

"Vuto silinali nsalu ayi, alamu," anatero a Katswiri akundiyang'ana ine. "Sikirini ija inkapsa ndi babu. Pamafunika zibowo mbali zonse ziwiri, galasi pakati lotchinga kutentha, ndi chokankha mpweya. Ndapeza kale sikirini ina. Ndiye ndimati mundibwerekeko kafani kanu kaja ka patebulo."

Ndinadikira kuti mwina pali mawu ena akubwera, koma munthuyo anali atamaliza. Akulu anga anavula ndolo imodzi, kenako inayo, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. A Katswiri anamva chitsekocho, anacheuka pang'ono, n'kundifunsa ngati kafaniko kali ndi waya wautali.