Timadontho ta a Kabati

Dzina loti a Kabati tidawapatsa ndife, chifukwa chilichonse chimene ankadziwa ankachitsekera ndi loko. Ndinene poyera: bambo amenewa sindinkawakonda, nawonso ankandiona ngati ntchentche yogwera mu tiyi.

Mu ofesi yathu ya ziwerengero adalowamo ngati wosesa, ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Posesapo ankasuzumira pa makompyuta, mpaka adaphunzira okha pulogalamu yowerengera, ija umachita kuilembera malamulo. Mmene ine ndinkabwera, galafu iliyonse yopita kwa abwana inkadzera pa desiki pawo. Ukawapempha kuti akuonetse mmene amapangira mzere wodukizadukiza, ankaimika fayilo ya mapepala pambali pa sikirini kuti usaone, n'kukutuma madzi akumwa. Pobwera upeza zatheka kale. Kuumira kwake!

Ine ndidali pa miyezi itatu yoyesedwa. Sabata yomaliza abwana adandipatsa ntchito yojambula galafu ya kulemera kwa ana a madera awiri, ndipo adanena mosapsatira kuti kulembedwa kwanga kwagona pamenepo. Ndidaika timadontho tofiira ndi tobiriwira, koma pulinta yathu imangotulutsa zakuda. Papepala madera awiri aja adasanduka amodzi. Pankafunika kuti timadontho ta dera limodzi tikhale ta makona atatu.

Ndidapita kwa a Kabati mpaka kupinda bondo, ine amene sindigwadira munthu wamba. Sadatukule n'komwe mutu.

"Paja inu muli ndi digiri, mayi," adatero. "Kaifunseni digiriyo."

Ndidabwerera pampando nditakwiya. Koma kumbuyo kwawo kudali zenera la galasi lakuda, ndipo masana omwewo ndidaona sikirini yawo ikuonekera mmenemo. Adalemba chizindikiro cha funso, kenako dzina la lamulo lojambulira. Basi! Nane ndidayesa. Padatseguka tsamba lofotokoza lamulolo, la m'pulogalamu momwemo, losalira ngakhale intaneti. Za maonekedwe a timadontho padalibe, koma mmunsi mudali mawu otumiza ku tsamba lina, lalitali kutopetsa maso. Ndidawerenga maola awiri osadya mpaka kupeza manambala ake: wani ndi kozungulira, thu ndi ka makona atatu.

Galafu idadutsa, ntchito ndidaipeza. Pamsonkhano abwana adafunsa ngati a Kabati adandithandiza, ndipo apa ndiye ndidalavula zonse. Ndidaimirira, n'kuonetsa ofesi yonse chizindikiro cha funso chija, n'kuwonjezera kuti ine zanditengera maola awiri okha. Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti, akuti matsenga a zaka makumi awiri, kani ndi batani limodzi. Kumtima kwanga kudali mbee, sindinama.

Chaka chisanathe aliyense ankadzijambulira yekha magalafu, ndipo kontirakiti ya a Kabati sadaiwonjezere. Tsiku lochoka adatsekula kabati yawo ya mu ofesi, imene inkakhala yokhoma nthawi zonse, n'kuika mtolo wa mapepala pa desiki panga. Adali masamba omwe aja, osindikiza, othimbirira, pamwamba pa liwu lililonse la Chingelezi atalembapo tanthauzo lake ndi pensulo.

"Inu mudati maola awiri," adatero. "Ine zidanditengera zaka zitatu, ndipo china chondisunga pano ndidalibe."

Ndidafuna kuwayankha kuti akadangondiuza tsiku lija, si bwenzi zitafika apa. Mpaka lero ndimati adaziyamba okha. Koma mapepalawo sindidawataye. Ali m'kabati yomwe ija, ndipo kiyi ndimayenda nayo m'chikwama.