Madzi Adropa, Mbande Zili Panjinga

Lachiwiri lapitali ndinazula mbande zanga zonse za mpunga chifukwa cha liwu limodzi lachingerezi. Musaseke msanga, inunso mumalitchula.

Munda wanga uli kudambo la ku Chilwa, ndipo chaka chino madzi achedwa kuchoka. Mbande panazale zinayamba kukalamba ngati mwini wake. Ndiye ndinatuma mkamwini wanga, a Fabiano, amene anakhalako pang'ono ku Limbe, kuti akaone. Foni inalira: "Apongozi, madzi adropa."

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma liwuli ndimalidziwa. Kudropa ndi kutsika. Mtengo wa nandolo wadropa. Shuga wa mayi akunyumba wadropa. Netiweki yadropa. Liwu limodzi ngati khasu lobwereka, likulima mudzi wonse.

Basi ndinazula, n'kumanga mitolo, n'kukweza panjinga. Kufika kudambo, madzi m'chiuno! Achule akuyimba kwaya pamene ndimati ndiwokerepo.

"A Fabiano, kuphwa kwake n'kumeneku?"

"Sindinati aphwa, apongozi. Ndinati adropa. Onani bango ilo, dzana anali apa."

Anandilozadi pamene panalekezera madzi. Kusiyana kwake chala chimodzi, chaching'onocho.

Ananama? Ayi. Pamenepo ndiye pali vuto. Kwathu kuno madzi amayamba atsika, kenako amaphwera, pomaliza amaphwa, matope n'kuonekera. Ukamva liwulo umadziwa ngati uvale buluku kapena kabudula. Chotupa chimaphwa, mkwiyo umazirala, bwato limamira. Koma kudropa sikunena kuti kwatsala pati. Kodi si chifukwa chake akuluakulu olankhula pawailesi amalikonda? Mitengo ya zinthu yadropa, umbava wadropa. Mpaka pati, bwana? M'mawondo, kapena tikadali m'khosi?

Tsono mbande yozula sidikira mkangano. Ikagonera imafota, ndipo chaka chimenecho mpunga umangouona kwa anzako. Ndili chiimire choncho, anatulukira Mayi Asiyatu, amene munda wawo uli kumtunda kwa wanga. Kwawo kunali kutaphwa kale, koma nazale yawo inali yanthete.

"Achimwene, mwabwera kudzasambitsa mbande?"

"Zadetsedwa, chemwali. Sopo ndiye ndaiwala."

"Ukalamba wa mbandezi ndi wabwino! Bweretsani kuno tiwokere kwanga. Kwanu kukaphwa, zanga zidzakhala zitakula, mudzazule."

Kudambo timatero. Kupatsa n'kuika.

Tinawokera tsiku lonse, a Fabiano atawerama m'matope ndi malaya awo a ku Limbe. Dzuwa litapendeka ndinawafunsa, "Nanga mphamvu zili bwanji, mkamwini?"

"Zatheratu, apongozi. Msana wathyoka."

Mwamva? Msana ukawawa, chingerezi chimathawa.

Dzulo ndinadutsako. Mbande zanga zaimirira bii m'munda wa eni, palibe yafa. Kwanga madzi afika m'mawondo. Ndinalowamo ndekha, sindinatume munthu.