Maeskudo a bambo anga

Bambo anga anamwalira ku Dedza tili othawa nkhondo, ndipo manda awo ali komweko, tsidya la malire. Nkhondo itatha ife tinabwerera ku Lifidzi, iwo anatsala. Zaka zonsezi mandawo anangokhala mtumbira wa dothi, ndipo amayi ankadandaula chaka ndi chaka kuti mvula ikuwusalaza. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: chiliza chokhala ndi mwala wozokotedwa dzina, chimangidwe miyendo yawo ikadawalola kukafikako.

Ndalama yake inalipo, kungoti inali yakale. Tisanathawe, bambo anakwirira kamphika pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo m'menemo munali maeskudo a siliva a nthawi ya Apwitikizi. Titabwerera, amayi anakafukula kamphikako n'kukabisa kunsi kwa bedi. Chaka chimene bondo lawo linayamba kutupa ndi pamene anandiitana.

"Mwanawe, kagulitse prata ija," anatero, kutanthauza silivayo. "Bambo ako nawonso agone ngati munthu."

Ine ndine mphunzitsi, ndinaphunzira ku Fonte Boa, ndipo ndinkadziyesa wosapusitsika. Mayi wina woyandikana nafe anali atagulitsapo ndalama zake za siliva ku Kalomwe, kumalire, ndipo wogulayo anamudula mtengo, akuti zada, litsiro likuwonjezera kulemera. Ndinati ine zimenezo ayi. Zathu zinali zakuda bii, ndiye Loweruka lina ndinatenga phulusa, mandimu ndi mchenga wa kumtsinje, n'kukhala pansi kuzikwecha imodziimodzi monga mmene timakwechera mapoto alendo akamabwera. Zala zinachita kusupuka.

Amayi anali pakhonde akusenda nyemba. "Ukuzipwetekatu," anatero.

"Chitsulo sichimva kuwawa, amayi," ndinayankha ndikuseka. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Lolemba ndinapita ku Kalomwe. Wogulayo anali bambo wosintha metikali ndi makwacha, wokhala ndi kaloja, kasitolo kakang'ono, kuseri kwa pomwe pamaima malole. Ndinamasula mpango, maeskudo ali waliwali, ine ndili nyadu. Iye anatola imodzi, n'kuiyang'ana pagalasi lokuza zinthu, kenaka anapukusa mutu.

"Apulofesora, mwazichita chiyani izi?"

"Ndazitsuka."

"Mwazipha. Onani mikwingwirima iyi. Zikanabwera mmene zinalili tikanakambirana imodziimodzi. Pano zangokhala zosungunula basi, tiyeza pabalansa."

Mutu unanditentha. Ndinamukumbutsa za mayi uja amene anamudula mtengo chifukwa cha litsiro. Sanakane, sanachitenso manyazi. Anangomwetulira n'kunena kuti malonda n'kumvana, palibe amene amamukakamiza. Ndiye ganizani: zakuda akuti litsiro, zoyera akuti zawonongeka. Ukalowa pakhomo limenelo wagwa kale, chotsala n'kusankha mbali yogwera.

Anasendeza maginito pamwamba pake kuti aone ngati ndi siliva weniweni, n'kuzithira pabalansa, pasikelo yake. Pa kulemera kumene kunaoneka anachotsapo gawo, akuti mkuwa umene anasakaniza Apwitikizi. Anachotsanso lina, akuti la wosungunula, ndi linanso la ulendo wa ku Tete. Mtengo wa siliva wa tsiku limenelo anauwerenga pafoni yake, foniyo ataitembenuzira kwa iye mwini. Chomwe chinatsala ndinachita kumufunsa kawiri, ndinkayesa sindinamve bwino.

Akutsegula kabati kuti atenge ndalama, ndinaona timapepala ta pulasitiki, kalikonse kali ndi eskudo imodzi yakuda bii, chaka chake chitalembedwa pamwamba. Ndinafunsa kuti nanga zimenezo bwanji sazitsuka. Anati zimenezo amazijambula pafoni n'kutumizira anthu a kutali amene amasonkhanitsa ndalama zakale, ndipo imodzi yokha, ikakhala ya chaka chosowa, imaposa dzanja lodzaza la zosungunula. Kuda komweko ndi kumene amakufuna. Ndikukhulupirira kuti za mayi uja zinali momwemo.

Ndinamanga mpango wanga n'kutuluka mokwiya. Ndinayesa ogula ena awiri, ndipo onse anatchula mtengo womwewo ngati anachita kupangana. Mwina anapanganadi, amadyera limodzi anthu amenewa. Dzuwa litapendeka ndinabwerera kwa woyamba uja, mchira uli pansi. Sanandiseke, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula langa ndili ndi satifiketi m'nyumba.

Sindikudziwa ngati m'kamphika ka bambo munali za chaka chosowa. Sindidzadziwanso. Sindikudziwanso ngati wogula uja akanandiuza zoona ndikanabwera nazo zakuda. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ine ndi amene ndinamupatsa chonamizira, ndi manja angawa.

Ndalamazo zinakwana simenti, njerwa ndi womanga. Mwala wozokota dzina sunatheke. Ndinauza amayi zonse, osabisa kanthu, ndikuyembekeza kuti andikalipire kuti mwina mtima upepuke. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusenda nyemba zawo.

Tinawoloka malire mwezi wotsatira, amayi atakwezedwa panjinga, bondo litakulungidwa nsalu. Womanga atamaliza kusalaza simenti, anandipatsa msomali kuti ndilembe dzina isanaume, poti ine ndiye mphunzitsi. Ndinagwada n'kuyamba chilembo choyamba mwamantha, mongopapasa pamwamba. Amayi satha kuwerenga, koma anaweramira pafupi kuti aone.

"Kanda mwamphamvu, mwanawe," anatero. "Mvula ya kuno imafufuta. Mphamvu zija unali nazo Loweruka lija, zithere apa."